ROBERTO CLEMENTE: MUNTHU AMENE SANKASIYA NTCHITO PANJIRA

Usiku wa pa 31 December, 1972, pamene anthu a pa chilumba cha Puerto Rico ankakonzekera kulandira chaka chatsopano, ndege yakale ya mainjini anayi idanyamuka pa bwalo la ndege la mzinda wa San Juan itasenza zakudya, zovala ndi mankhwala. Ulendo wake udali wa ku Nicaragua, kumene chivomezi chidali chitagwetsa mzinda wathunthu, koma siidapite patali. Patangopita mphindi zowerengeka idagwera m'nyanja pafupi ndi gombe. M'ndegemo mudali anthu asanu ndipo onse adafa. Mmodzi mwa iwo adali Roberto Clemente, katswiri wa masewero a baseball, bambo wa zaka 38, amene adasiya mkazi ndi ana atatu aang'onoang'ono.

Ambiri a ife sitidaonepo masewero amenewa, pakuti kwawo kwenikweni nku America, ku zilumba za Caribbean ndi ku Japan. Komabe mbiri ya munthuyu njofunika kuimva, makamaka kwa inu amene mwangotsiriza sukulu ndipo mukuyembekezera kuyamba ntchito. Clemente adali munthu amene ntchito ikakhala m'manja mwake ankaigwira mpaka pa mapeto pake, ndipo adafa chifukwa anthu ena, amene nawonso adapatsidwa ntchito zawo, adazigwira mwachinyengo ndi mosasamala.

Masewerowo

Tiyambe ndi masewerowo, kuti ziwerengero zimene titchule m'munsimu zimveke. Baseball imafanana pang'ono ndi kiriketi. Pamakhala matimu awiri, iliyonse ya anthu asanu ndi anayi. Timu imodzi imamwazikana m'bwalo, ndipo mmodzi mwa anthu ake amaponya kampira kolimba, kofanana ndi lalanje kukula kwake, kwa munthu wa timu inayo amene waima ndi chibonga. Iyeyu akamenya kampirako amataya chibongacho nathamangira pa malo oyamba mwa malo anayi oimapo amene adaikidwa mozungulira. Ngati adani sadakawakhe kali m'malere, ndipo iye wafika pa malo oyambawo kampirako kasanafike, amati wapeza hit. Akatha kuzungulira malo onse nabwerera pomwe adayambira, timu yake yapata chigoli. Kampirako kakauluka mpaka kudumpha mpanda wa bwalo, womenyayo amazungulira popanda womuletsa, ndipo ichi amachitcha home run.

Kumenya kampira kameneka nkovuta, pakuti woponya waluso amakaponya pa liwiro loposa makilomita 140 pa ola, ndiponso amadziwa kukakhotetsa kali m'malere. Nchifukwa chake munthu amene amapeza ma hit atatu pa maulendo khumi alionse amawerengedwa kuti ndi katswiri. Ku America matimu akuluakulu adagawidwa m'maligi awiri, National League ndi American League. Timu iliyonse imasewera masewero 162 pa chaka, ndipo opambana m'maligi awiriwo amakumana pa mpikisano wotchedwa World Series, pamene timu yoyamba kupambana kanayi ndiyo imatenga chikho.

Mwana wa kapitawo

Roberto Clemente Walker adabadwa pa 18 August, 1934, m'mudzi wa San Antón m'dera la Carolina ku Puerto Rico. Pa mwambo wa anthu olankhula Chisipanishi munthu amatenga maina a makolo onse awiri, la bambo patsogolo, la mayi pambuyo. Bambo ake adali a Melchor Clemente, kapitawo m'minda ya nzimbe, ndipo mayi ake adali a Luisa Walker. Chilumba chawo chidalamulidwa ndi Spain kwa zaka pafupifupi 400, mpaka m'chaka cha 1898 pamene chidatengedwa ndi United States, ndipo kuyambira 1917 anthu ake adawerengedwa kukhala nzika za America. Ambiri mwa iwo ndi zidzukulu za Asipanishi ndi za akapolo ochokera ku Africa kuno, ndipo Roberto adali wakuda.

Iye adali chitsiriza m'banjamo. Ndalama yogulira zipangizo za masewero padalibe, chotero iye ndi anzake ankamenya zitini ndi mipira ya nsanza pogwiritsa ntchito nthambi za mitengo ndi ndodo za tsache. Ku sekondale adadziwika ndi kuponya nthungo, ndipo dzanja lomwelo ndilo lidadzaopedwa pambuyo pake m'mabwalo a ku America. M'miyezi yozizira ku America osewera ena akuda a kumeneko ankabwera kudzasewera ku Puerto Rico, ndipo mnyamatayu ankapita ku San Juan kukaonerera mmodzi mwa iwo, Monte Irvin, amene adamtenga kukhala chitsanzo chake. M'chaka cha 1952, ali ndi zaka 18, adalembedwa ntchito ndi timu ya Santurce ya pa chilumba pomwepo, pa malipiro a madola 40 pa mlungu.

Mu February, 1954, timu ya Brooklyn Dodgers ya ku New York idapangana naye, ndipo idampatsa madola 10,000 posaina panganolo, pamwamba pa malipiro a madola 5,000 pa chaka. Iyi ndiyo timu imene mu 1947 idathyola mwambo wokaniza anthu akuda polowetsa Jackie Robinson m'bwalo. Koma a Dodgers sadamuike Clemente m'timu yawo yaikulu. Adamtumiza ku timu yawo yaing'ono ya Montreal Royals ku Canada, kumene adamenya maulendo 148 okha chaka chonse. Tsono lamulo la nthawi imeneyo linkati mnyamata wolandira ndalama zoposa madola 4,000 posaina, ngati sali m'timu yaikulu, timu ina ikhoza kumtenga chaka chikatha. A Pittsburgh Pirates, pokhala otsiriza mu National League, ndiwo adali ndi mwayi wosankha poyamba, ndipo pa 22 November, 1954, adamtenga ndi madola 4,000 okha. Mkulu wa Pirates pa nthawiyo adali Branch Rickey, munthu yemweyo amene adalemba ntchito Jackie Robinson ali ku Brooklyn.

Clemente adasewera koyamba m'ligi yaikulu pa 17 April, 1955, polimbana ndi a Dodgers omwewo, ndipo adapeza hit pa ulendo wake woyamba. Adakhala m'timu ya Pirates zaka 18 osasintha.

Dzina lake

Zimene adazipeza ku America sadazizolowere. Chaka chilichonse timuyo inkapita kukakonzekera ku Fort Myers m'chigawo cha Florida, kumene malamulo a tsankho adali akadali amphamvu. Osewera achizungu ankagona ku hotela, pamene akuda ankasungidwa m'nyumba za anthu ku dera la anthu akuda. Pa ulendo basi ikaima pa nyumba yodyera, achizungu ankalowa kukadya, ndipo akuda ankatsala m'basimo kudikira kuti anzawo awatengereko chakudya. Clemente adakana kudya chakudya chotere, ndipo adadandaula kwa mkulu wa timuyo, Joe L. Brown, mpaka osewera akuda adapatsidwa galimoto zawo zoti aziyendera ndi kukadya kumene angalandiridwe.

Chipongwe china chidachokera kwa olemba nyuzipepala. Chingerezi cha Clemente chidali chophunzira atakula, ndipo atolankhani ena ankalemba mawu ake motsatira katchulidwe kake kuti owerenga aseke, ngakhale iwo eni sankatha kunena chiganizo chimodzi cha Chisipanishi. Ena ankaona kuti dzina lakuti Roberto nlachilendo ndipo ankangomutcha Bob kapena Bobby, kotero kuti kwa zaka zambiri ngakhale timakadi ta zithunzi za osewera timene ana ankagula tinkalembedwa kuti Bob Clemente. Iye ankaumirira kuti dzina limene makolo ake adampatsa ndi Roberto.

Padalinso nkhani ya matenda. Kumapeto kwa 1954 dalaivala woledzera adagunda galimoto ya Clemente ku Puerto Rico ndi kumpweteka msana, ndipo ululuwo sudamsiye moyo wake wonse. Popeza iye akafunsidwa za thupi lake ankayankha zoona, atolankhani adamutcha munthu wodwala matenda a m'maganizo chabe ndi wothawa ntchito. Chikhalirecho munthu yemweyu adasewerera Pirates masewero 2,433. Kumayambiriro kwa 1965 adadwala malungo mpaka kuwonda kwambiri, koma chaka chomwecho adapambana onse mu National League pa kumenya.

M'chaka cha 1960 a Pirates adagonjetsa New York Yankees pa World Series. Clemente adapeza hit m'masewero onse asanu ndi awiri a mpikisanowo, ndipo chaka chonsecho palibe wa timu yake amene adalowetsa zigoli zambiri ndi chibonga kuposa iye, pakuti adalowetsa 94. Koma atolankhani posankha wosewera wopambana wa chakacho adamuika pa nambala 8, ndipo mphothoyo idapita kwa mnzake wa timu yomweyo, Dick Groat. Chinthu chimenechi chidamuwawa kwa zaka zambiri, ndipo adachiyankha ndi ntchito.

Ntchitoyo

Kanayi konse, mu 1961, 1964, 1965 ndi 1967, Clemente adapambana onse m'ligi yake pa kumenya. Mu 1966 adamenya ma home run 29, nalowetsa zigoli 119, ndipo apa atolankhani adampatsa mphotho ya wosewera wopambana imene adammana kale ija. Pa moyo wake wonse adamenya maulendo 9,454 napeza ma hit 3,000, kutanthauza kuti 317 pa maulendo 1,000 alionse.

Timu yake ikakhala m'bwalo, malo ake adali kutali pafupi ndi mpanda, mbali ya kumanja. Ntchito ya mlonda wa pamenepo ndiyo kuwakha kampira kali m'malere, kapena kukatola ndi kukaponya msanga kuti othamanga asapitirire. Clemente ankatha kutola kampira m'tsinde mwa mpanda, kutembenuka kamodzi, ndi kukaponya molunjika m'manja mwa mnzake ku mbali ina ya bwalo. Mu 1961 mokha adatulutsa othamanga 27 mwa njira imeneyi, ndipo pambuyo pake adani ambiri adaleka kumuyesa. Mphotho ya mlonda wopambana, yotchedwa Gold Glove, adailandira zaka 12 zotsatizana, kuyambira 1961 mpaka 1972.

Kunja kwa bwalo sadasiye kulankhula. Ankalemekeza kwambiri Martin Luther King, amene adamchereza pa munda wake ku Puerto Rico. King ataphedwa pa 4 April, 1968, a Pirates ankayenera kuyamba masewero a chakacho ku Houston pa 8 April. Clemente ndi anzake adakana kulowa m'bwalo maliro asanaikidwe, ndipo masewerowo adayamba pa 10 April. Pa 1 September, 1971, iye adali mmodzi mwa osewera asanu ndi anayi a Pirates amene adayamba masewero onse ali akuda kapena a ku maiko a Chisipanishi, chinthu chimene chidali chisanachitikepo m'maligi aakuluwo.

Chaka chomwecho a Pirates adakumana ndi Baltimore Orioles pa World Series, ndipo adagonja masewero awiri oyamba. M'masewero achitatu mudachitika kanthu kakang'ono kamene kakuonetsa bwino khalidwe la munthuyu. Clemente adamenya kampira mofooka, ndipo kadangogubuduka kubwerera kwa woponya wa Baltimore, Mike Cuellar. Osewera ambiri zikatere amangothamanga mwamwambo chabe, podziwa kuti atuluka kale. Clemente, mdala wa zaka 37 wa msana wopweteka, adathamanga ndi mphamvu zake zonse, kotero kuti Cuellar adaponya mofulumira nalakwitsa. Posakhalitsa mnzake Bob Robertson adamenya home run imene idalowetsa zigoli zitatu, ndipo a Pirates adapambana. Pa mpikisano wonsewo Clemente adapeza ma hit 12 pa maulendo 29, ndipo m'masewero otsiriza a pa 17 October, amene a Pirates adapambana 2 kwa 1, chigoli choyamba chidali home run yake.

Atasankhidwa kukhala wosewera wopambana wa mpikisanowo, adafunsidwa kuti alankhule pa wailesi ya kanema, dziko lonse la America likuonera. Asanayankhe funso lililonse m'Chingerezi adayamba walankhula m'Chisipanishi, kudalitsa ana ake ndi kupempha dalitso la makolo ake ku Puerto Rico pa tsiku lalikulu la moyo wake. Paja akuluakulu adati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Pa 30 September, 1972, pa bwalo la Three Rivers ku Pittsburgh, adapeza hit yake ya nambala 3,000 pomenya kampira koponyedwa ndi Jon Matlack wa New York Mets. Adali munthu wa nambala 11 kufika pa chiwerengero chimenechi, ndiponso woyamba wochokera ku maiko a Chisipanishi. Patsogolo pake padatsala miyezi itatu yokha ya moyo.

Managua

Mu November, 1972, Clemente adapita ku Nicaragua monga mphunzitsi wa timu ya Puerto Rico pa mpikisano wa maiko, ndipo adadziwana ndi anthu ambiri kumeneko. Pa 23 December, pakati pa usiku, chivomezi chidagwedeza likulu la dzikolo, Managua. Anthu zikwi zambiri adafa, ndipo ena mazana a zikwi adasowa pokhala. Clemente adatsogolera komiti yosonkhanitsa chithandizo ku Puerto Rico. Khirisimasi ya chaka chimenecho adaidyera pa bwalo la masewero la Hiram Bithorn ku San Juan, kulandira zopereka za anthu ndi kuyang'anira kulongedza kwa katundu.

Ndege zitatu zidapita ndi katunduyo. Kenaka padabwera mbiri yakuti sakufika kwa ovutikawo, pakuti asilikali a Anastasio Somoza, amene adali ndi mphamvu zonse m'dzikomo, ankamlanda pa bwalo la ndege. Munthu wina akadati mbali yake wachita, zotsalazo nza eni dziko. Koma Clemente adali atapempha amphawi a kwawo kuti apereke, ndipo kwa iye ntchitoyo idali isanathe malinga katunduyo asanafike m'manja mwa anthu a ku Managua. Adaganiza kuti akapita yekha asilikaliwo achita manyazi kuba iye akuona.

Ndege imene adabwereka idali ya mtundu wa DC-7. Kumayambiriro kwa mwezi womwewo idali itachita ngozi ili pansi, ndipo kukonza kwake sikudali kokwanira. Mudalibe wothandiza woyendetsa ndege wodziwa bwino mtundu umenewo, mudalibenso injiniya wovomerezeka, ndipo katundu adapitirira muyeso ndi makilogalamu pafupifupi 1,900. Clemente adali katswiri wa baseball, za ndege sankazidziwa, ndipo adakhulupirira amene ntchito yawo idali kuzidziwa. Idanyamuka nthawi itangopitirira 9 koloko usiku, injini imodzi idafa, ndipo poyesa kubwerera idagwa.

Mtembo wa woyendetsa ndegeyo wokha ndiwo udapezeka. Mnzake wa Clemente wa timu ya Pirates, Manny Sanguillén wa ku Panama, sadapite ku mapemphero a maliro, pakuti adali m'nyanja kumira ndi kuvuuka kufunafuna mnzakeyo. Mkazi wake Vera Zabala, amene adakwatirana naye pa 14 November, 1964, adatsala ndi ana aamuna atatu, ndipo mpaka imfa yake mu 2019 adapitiriza ntchito zothandiza ana zimene mwamuna wake adazilakalaka, kuphatikizapo malo a masewero a achinyamata ku Carolina. Somoza adathamangitsidwa m'dziko lake mu July, 1979.

Zimene zidatsala

Ku Cooperstown m'chigawo cha New York kuli nyumba yokumbukira akatswiri a baseball, yotchedwa Hall of Fame. Lamulo lake nlakuti wosewera adikire zaka zisanu atapuma, koma kwa Clemente lamulolo lidaikidwa pambali, ndipo adalandiridwa pa 6 August, 1973, tsiku limodzi ndi Monte Irvin uja amene ankamuonerera ali mwana. Chaka chomwecho a Pirates adalengeza kuti nambala yake, 21, siidzavalidwanso ndi wosewera wina wa timuyo, ndipo mphotho imene imaperekedwa chaka ndi chaka kwa wosewera wothandiza anthu idatchedwa dzina lake. Pa bwalo la PNC Park, limene a Pirates adalowa mu 2001, mpanda wa mbali ya kumanja adaumanga wa mafiti 21 kutalika kwake pomkumbukira. Pa bwalo lomweli, pa 26 April, 2017, mnyamata wa ku South Africa, Gift Ngoepe, adasewerera Pirates koyamba napeza hit pa ulendo wake woyamba, ndipo adakhala woyamba wobadwira pa mtunda wa Africa kusewera m'maligi aakuluwo.

Inu amene mwatsiriza sukulu, ndi ochepa pakati panu amene adzaimbiridwa m'manja m'bwalo la masewero. Ambiri mudzakhala anthu a pakati: kalaliki wosunga makiyi a nkhokwe ya katundu wa ovutika, makaniko wouza dalaivala kuti galimoto ili bwino, wogwira sikelo, wosaina chikalata chimene wina adzachikhulupirira osachiwerenga. Pa ulendo wa ku Managua uja opereka adalipo, ndipo mtsogoleri wokhulupirika adalipo. Amene adalephera ndi anthu a pakatiwo. Msilikali woba thumba la mpunga sadaganize kuti akupha munthu, ndipo wopachika katundu wopitirira muyeso ayenera kuti adati zinthu ziyenda monga zimayendera masiku onse. Akadapanda kuba uja, Clemente sakadakwera ndege, ndipo akadapanda kusasamala uja, ndegeyo ikadafika.

Inunso aphunzitsi anzanga, mwana amaphunzira kusamala poona mmene ife timasamalira tinthu tating'ono, monga kutchula bwino dzina lake poitana maina m'mawa ndi kulilemba molondola pa kaundula wa mayeso. Pa chikwangwani cha mkuwa chimene adapachika ku Cooperstown mu 1973, olemba adasintha maina a munthuyu motsata chizolowezi cha Chingerezi, nalemba kuti Roberto Walker Clemente. Padapita zaka 27 cholakwacho chili pa khoma, mpaka m'chaka cha 2000 pamene adasula chikwangwani china cholembedwa monga a Melchor ndi a Luisa adamutchulira mwana wawo: Roberto Clemente Walker.